Makompyuta akuluakulu sanathe ntchito

Kwa zaka zambiri anthu akhala akunena kuti laputopu ndi intaneti zidzathetsa makompyuta akuluakulu a akatswiri, aja okhala pansi pa tebulo. N'zoona kuti owagula achepa, koma ntchito yawo ikadalipo.

Nkhani yagona pa kutentha. Khadi la zithunzi (chipangizo cha m'kompyuta chokonza zooneka pa sikirini) la NVIDIA RTX 4090, lomwe linatuluka mu 2022, limatha kudya mawati 450 a magetsi palokha, ndipo magetsiwo amasanduka kutentha. Laputopu siingapirire kutentha koteroko. Ikatentha imadzichepetsera liwiro, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka. Wokonza mafilimu, amene amasiya makina akugwira ntchito usiku wonse, amafuna bokosi lalikulu lolowa mphepo bwino, loti khadi likakalamba angolizula n'kuikamo lina.