Zoti "ndi nthabwala chabe" nzabodza

Kuyambira kalekale anthu amati wanthabwala akamayeserera kutsimphina kapena chibwibwi pa siteji palibe vuto, nkuseka basi, mwinanso nkukulozerani munthu wolumala amene akuseka nawo pagulupo kuti mwaona, mwini wake sakudandaula. Ayi ndithu. Nthawi zambiri munthu amangoonetsa mano mtima ukuwawa chifukwa akakwiya ndiye maso onse ali pa iye, ati alibe nthabwala, ndipo mawa lake ana atengera kayendedwe komweko nkumalondola mnzawo wa ndodo kumbuyo kusukulu.

Koma sikuti nkhani ya ulumali njoletsedwa mu komedi ayi. Munthu woyenda pa wilutcheya akamatiseketsa ndi za dokotala amene amafunsa womuperekeza kuti "akumva bwanji lero?" mwini wake ali pompo maso ali gwa, apo tikuseka uchitsiru wa dokotalayo osati thupi la munthu, ine zotere ndimaseka mpaka misozi.

Komanso anthu olumala si ochepa, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati alipo pafupifupi 1.3 biliyoni padziko lonse, ndiye holo ikadzaza alimo ndithu akumvetsera, ena ulumali wawo suoneka nkomwe.