Wodwala wa carbon monoxide sachira ndi okosijeni yekha

Carbon monoxide ndi mpweya wosaoneka komanso wosanunkha umene umatuluka makala, nkhuni kapena mafuta zikamayaka pamalo otsekeka. Ukalowa m'magazi umakakamira ku hemoglobin, gawo la magazi limene limanyamula okosijeni, mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200, motero ubongo ndi mtima zimasowa okosijeni munthuyo akupumabe.

Kuzindikira vutoli nkovuta chifukwa limayamba ndi mutu, chizungulire, nseru, kusanza ndi kufooka, ndipo kuno ku Zomba aliyense akamva zimenezi amathamangira kuganiza malungo, ngakhale m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pamene mbaula zimalowa m'nyumba. Kachipangizo kopanitsa pachala koyezera okosijeni nako kamanamiza, pakuti sikasiyanitsa magazi onyamula okosijeni ndi onyamula poizoniyu, ndipo kangathe kuonetsa 98 peresenti, ngati kuti okosijeni ndi wokwanira, munthu ali pangozi. Nchifukwa chake zimene achibale anganene za kumene wodwala wapezeka nzofunika kuposa zimene makina akuonetsa.

Chithandizo choyamba nkumutulutsira panja, kenako kuchipatala amapatsidwa okosijeni wambiri wa pamasiki popanda kudikira zotsatira za magazi. Ndi mpweya wamba pamatenga maola anayi kapena asanu kuti theka la poizoniyu lichoke, pamene ndi okosijeni wokhawokha zimatenga ola limodzi ndi mphindi zingapo. Mtima uyenera kupimidwa, ndipo mayi woyembekezera amafunika chisamaliro chapadera chifukwa mwana wa m'mimba amakhudzidwa kwambiri.

Munthu akapuma mpweyawu mwadala pofuna kudzipha, mabanja ambiri amabisa poopa manyazi, koma kubisako kumaika moyo wake pachiswe. Nthawi zina amakhala atamwanso mapiritsi kapena mowa, zimene okosijeni sangathetse, ndiye dokotala ayenera kudziwa msanga. Achipatala nawonso afunse mosapita m'mbali koma mwaulemu, kopanda anthu, ngati wodwalayo amafuna kutaya moyo wake. Kufunsa sikumupatsa maganizowo.

Kutsitsimuka sindiko kuchira. Ena amayamba kuiwalaiwala, kusintha khalidwe kapena kuyenda movutikira patapita masiku, mwinanso masabata angapo, ndipo azibwerera kuchipatala akaona zimenezi. Asanatuluke aonane ndi odziwa za matenda a maganizo, amene ku Zomba Mental Hospital alipo, ndipo kunyumba pakhale wachibale wokhala naye pafupi m'masabata oyambirira, pamene chiopsezo chobwereza chimakhala chachikulu.