Chitupa cha mbusa wa ku Tibet ndi gule wa Lachitatu

Ophunzira a zamafilimu ndikawaonetsa ntchito za Pema Tseden, wopanga mafilimu wa Chitibeti, dandaulo loyamba limakhala lakuti zikuchedwa. Kamera imangoima malo amodzi, munthu ali chete, mphepo ikuwomba. Kuchedwako n'kwadala.

Pema Tseden anabadwa mu 1969 m'dera la Amdo, m'chigawo cha Qinghai ku China, anaphunzira ku Beijing Film Academy, ndipo anamwalira mu 2023. Ku China filimu siionetsedwa boma lisanaivomereze, ndipo nkhani ya Tibet ndi chilonda chosapola kuyambira pomwe asilikali a China analowa m'dzikolo mu 1950, Dalai Lama, mtsogoleri wauzimu wa Atibeti, n'kuthawira ku India mu 1959. Wopanga filimu amene akufuna kufunsa kuti Mtibeti ndani lero sangafunse poyera. Amalankhula mokuluwika, ndipo woonera amafunika mpata woti amve.

Taonani filimu yake ya Tharlo, ya mu 2015, yojambulidwa mwakuda ndi moyera basi. Mbusa wa nkhosa, wa tsitsi lalitali loluka kumbuyo, akuuzidwa ndi apolisi kuti akajambulitse chithunzi cha chitupa. Munthuyu amalakatula pamtima nkhani yaitali ya Mao, mtsogoleri wakale wa China, m'Chitchaina, mawu ake akumveka ngati pemphero. M'tauni wojambula akumubweza kuti akatsukitse kaye tsitsi. Ku saluni akukodwa ndi mtsikana, akugulitsa nkhosa, zina za eni ake, mtsikanayo akumumeta mpala n'kuthawa ndi ndalama. Pobwerera kupolisi akumuuza kuti sakufanananso ndi chithunzi chija, akajambulitsenso. Ngakhale nkhani ya Mao ija ayamba kuidodoma. Palibe amene watchula ndale m'filimu yonseyi, koma funso lafika: munthu amadziwika ndi pepala la boma kapena ndi nkhosa ndi phiri lake? Ineyo ndimaona kuti zokuluwikazi zimaluma kuposa mafilimu ambiri ofuula za ufulu.

Kwa amene anathawa, vuto ndi lina. Iwo ali ndi ufulu wolankhula, koma alibe nthaka. M'chaka chomwecho cha 1959 anakhazikitsa Tibetan Institute of Performing Arts, yomwe inayambira ku Kalimpong kenako n'kusamukira ku Dharamsala, matauni a ku India, kuti isunge nyimbo, magule ndi lhamo, sewero loimba ndi kuvina atavala zigoba kumaso. Mwambo umati lhamo anaiyambitsa Thangtong Gyalpo, mphunzitsi wachipembedzo wakalekale, pofuna kupeza chuma chomangira milatho ya unyolo wachitsulo. Ntchito yosungayi ndi yaikulu, palibe angaikane. Komabe gule wongosungidwa amauma. Mwana wobadwira ku Nepal kapena ku Switzerland akaphunzira kuponda ndendende monga ankapondera agogo ake, amaphunzira Tibet wa 1959, pomwe Tibet weniweniyo anapitirira kusintha. Ritu Sarin ndi Tenzing Sonam anagwira mtima wosakhazikikawu mu filimu yawo ya Dreaming Lhasa ya mu 2005, momwe mtsikana wokulira ku America akufika ku Dharamsala kudzajambula omwe anamangidwapo pa zandale, iye mwini asakudziwa bwino kuti kwawo n'kuti.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ngati mphunzitsi chili pabwalo wamba. Zionetsero za ku Tibet za mu 2008 zitatha, kunabuka mwambo wa Lhakar: Lachitatu lililonse, tsiku logwirizana ndi Dalai Lama, anthu amavala chuba, mkanjo wa makolo awo, kudya zakwawo, kulankhula Chitibeti chokhachokha. Kunja kwa dzikolo anawonjezerapo gorshey, gule wa bwalo lozungulira. Ku Parkdale mu Toronto ndi ku Dharamsala, madzulo a Lachitatu sipika imalira, anthu n'kupanga mkombero. Odziwa amatsogolera, osadziwa amatsatira akuyang'ana mapazi a wapatsogolo, agogo ndi adzukulu mzere umodzi, wina chuba ndi nsapato zamasewera.

Akatswiri ena amanyoza kuti si gule weniweni wamakolo, chifukwa nyimbo zambiri ndi zatsopano, za zida zamagetsi. Sindigwirizana nawo. Nyimbo ndi kapondedwe kambiri amaziphunzira pa mavidiyo a pafoni ochokera ku Tibet komweko, kotero wovina ku Toronto akutengera zomwe anzake akuvina ku Lhasa, likulu la Tibet, kapena ku Amdo masiku ano, ngakhale ambiri a iwo sangapeze chilolezo chokafikako.