Sitima Yopanda Injini ya ku Great Yarmouth

"Amalume, dalaivala uja wakhaliranji pakati m'malo mokhala kutsogolo?"

Anandifunsa choncho mwana wa mlongo wanga, wa zaka 11, tili pamzere wodikira kukwera roller coaster (sitima ya masewera yokwera ndi kutsika zitunda pa njanji) yamatabwa ya ku paki ya Pleasure Beach, m'tauni ya Great Yarmouth, kugombe la kum'mawa kwa England. Mphepo ya ku North Sea inkatilowa m'makutu, fungo la tchipisi ndi madonasi lili guu, kumtunda anthu akukuwa ngati aona njoka m'nyumba. Ndinamuuza kuti bamboyo si dalaivala, chifukwa palibe choti ayendetse. Sitimayo ilibe injini, ilibenso chiwongolero. Iye ntchito yake ndi imodzi yokha, kugwira mabuleki. Mwanayo anandiyang'ana ngati ndikumuputsitsa, kenako anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

Ine ndine injiniya, ndipo ntchito yanga ndi kupima makina onyamula anthu ndi katundu ngati ali bwino. Tsiku limenelo ndinapita ngati kasitomala wamba, ndalama yolowera ndinalipira ndekha. Koma funso la mwanayo ndimalimva kawirikawiri, ngakhale kwa akuluakulu, ndipo ndaona kuti chimene chimaopsa wokwera si chimene chimatisowetsa tulo ife opima makinawa.

Tiyambe ndi nkhani ya injini. Pa roller coaster ya mtundu wakale, chitunda choyamba ndicho chimatalika kuposa zonse. Mota yamagetsi, yomwe ili pansi, imakoka sitima ndi tcheni kapena chingwe cha waya mpaka pamwamba, ndipo mphamvu yonse ya ulendowo imalowa pamenepo. Sitima ikangopendekera kutsika, tcheni chimaisiya, basi yatsala yokha. Amene anaonapo bambo wa makala akutsika phiri panjinga, miyendo ili duu osapalasa, akudziwa kale nkhaniyi. Bamboyo anakhetsa thukuta pokankha njinga pokwera, ndiye potsika akungodya zimene anasunga.

Masamu ake ndi osavuta. Chinthu chikagwa mamita 20 popanda choletsa, chimafika pansi chikuthamanga makilomita pafupifupi 70 pa ola. Ya ku Yarmouth ndi yaitali mamita pafupifupi 21, choncho liwiro lake silingapitirire patali pamenepo ngakhale wamabuleki atagona tulo. Kuti liwiro liwirikize kawiri, kutalika kuyenera kuwirikiza kanayi: mamita 80 ndiwo angakupatseni makilomita 140 pa ola. N'chifukwa chake mapaki akuluakulu amapikisana pomanga zitsulo zofika kumitambo, pomwe paki yaing'ono ya kugombe imafunafuna njira zina zokukuwitsirani. Onaninso kuti zitunda zotsatira zimanka zifupika. Mawilo akamakhulana ndi njanji, ndiponso sitima ikamang'amba mphepo, mphamvu ija imatha pang'onopang'ono, moti chitunda chofanana ndi choyamba sitimayo singachikwerenso.

Pokwera chitunda choyamba, pa sitima zambiri mumamva phokoso lakuti kha, kha, kha pansi pa mpando. Anthu ambiri mtima umawadumpha poganiza kuti china chake chikuthyoka. Limenelo ndi phokoso la chitetezo. Pansi pa sitima pali kachitsulo kolendewera komwe kamadumpha pa mano a chitsulo china choyalidwa m'njanji. Kupita kutsogolo kamadumpha bwinobwino, koma sitima ikati ibwerere m'mbuyo kamakola pa dzino n'kuigwira pomwepo.

Ndikudziwa funso limene aliyense wa kwathu amafunsa akafika apa, popeza tinakula tikuwerenga ndi nyali: nanga magetsi akathima? Akathima muli pa chitunda choyamba, mota imaima, kachitsulo kaja kamagwira, ndipo ogwira ntchito amakutsitsani pa masitepe a m'mbali. N'zotopetsa komanso zochititsa manyazi pang'ono, koma si ngozi. Akathima mutadutsa kale pamwamba, sitimayo sidziwa n'komwe kuti athima. Pa roller coaster zamakono, mabuleki a kumapeto anawapanga kuti azikhala otseka mwachibadwa. Sipuling'i ndi imene imawatseka, ndipo pamafunika mphamvu ya mpweya kuti atseguke. Zina zimagwiritsa ntchito maginito amene safuna magetsi. Ndiye magetsi akapita, chimene chimachitika n'chakuti zonse zimaima.

Tsopano bambo uja wokhala pakati.

Masewerawa monga tikuwadziwira lero anayambira kugombe komwe. Mu 1884, LaMarcus Thompson anatsegula Switchback Railway ku Coney Island, mumzinda wa New York, ndipo inkayenda makilomita pafupifupi 10 pa ola, liwiro loti mnyamata wothamanga akhoza kuipitirira. Sitima zoyambirirazo zinkangokhala pamwamba pa njanji, kenako anawonjezera zozitchinjiriza m'mbali kuti zisapatuke pokhota. Kunsi kunalibe chozigwira. Zikathamanga kwambiri pamwamba pa chitunda, zikanatha kunyamuka. Mu 1919, John Miller analembetsa luso lake loika mawilo ena kunsi kwa njanji, ndipo kuyambira pamenepo sitima inayamba kugwira njanji ngati mmene dzanja limagwirira mpini wa khasu: pamwamba, m'mbali ndi pansi. Roller coaster iliyonse yamakono yomwe imakuzondotsani mutu pansi imadalira mawilo atatuatatu amenewa.

Ya ku Yarmouth inatsegulidwa mu 1932, koma inamangidwa mwa kachitidwe kakale, kopanda mawilo a kunsi aja. Mtundu umenewu amautcha scenic railway, chifukwa m'mbali mwake amajambulamo mapiri kuti wokwera azimva ngati ali paulendo wa sitima yeniyeni. Zotsala padziko lonse zomwe zimayenda ndi munthu wa mabuleki n'zowerengeka ndi zala. Munthuyo amakhala pakampando kake pakati pa mabogi, dzanja lili pa chitsulo chachitali. Akachikoka, mabuleki amagwira. Luso lake lagona pa kudziwa muyezo. Akalekerera, sitima ifika pamwamba pa chitunda ndi liwiro loposa limene inapangidwira. Akagwira mopitirira, sitima ilephera kukwera chitunda chotsatira n'kukakhala m'chigwa, anthu 30 akumuyang'ana.

Ndipo muyezowo umasintha tsiku ndi tsiku. M'mawa kukazizira girizi amakhala wolimba, sitima imayenda mwaulesi. Masana kukatentha imamasuka. Kukagwa mvula njanji imaterera ndipo imathamanga. Ikadzaza anthu akuluakulu imasunga liwiro kuposa ikanyamula ana asanu okha, popeza mphepo siibweza msanga chinthu cholemera. Pa makina atsopano zonsezi amawerenga ndi masensa ndi kompyuta. Pano akuwerenga ndi munthu, kudzera m'makutu ndi m'mpando umene wakhalira. Ine ndinkamuyang'anitsitsa bamboyo tikutsika. Nkhope inali phee ngati ali pa basi yopita kuntchito, dzanja likukoka pang'ono, kusiya, kukokanso. Ndinamusirira, ndisaname.

Kumva kuja kwakuti m'mimba mwakwera kukhosi kuli ndi chifukwa chake. Tsiku lonse mpando kapena nthaka zimakukankhirani m'mwamba, ndipo kukankha kumeneko ndiko thupi limakutcha kulemera. Sitima ikamadutsa pansonga n'kuyamba kugwa, mpando umathawa pansi panu, kukankha kuja kumachepa, ziwalo za m'mimba n'kumasuka kwa kamphindi. N'zimene mumamva minibasi ikadumpha hampu ili paliwiro. M'chigwa zimatembenuka: njanji ikukhotera m'mwamba, mpando umakupanikizani, mutu n'kulemera. Wofuna kumva kwambiri akhale kumbuyo, chifukwa bogi yomaliza imafika pansonga zinzake zitayamba kale kuikokera pansi. Wamantha akhale chapakati.

Zonsezi, kwa ine, si zodetsa nkhawa. Anaziwerengera kalekale ndipo sizisintha. Chondidetsa nkhawa pa paki iliyonse ya kugombe ndi mchere.

Amene tinakulira pafupi ndi Nyanja ya Malawi sitiudziwa bwino mdani ameneyu, poti madzi athu alibe mchere. Kunyanja ya mchere, mphepo imanyamula timadontho tosaoneka n'kutipaka pa chitsulo chilichonse usana ndi usiku. Mchere umakoka chinyezi, ndipo chinyezi cha mchere chimafulumizitsa dzimbiri. Choipa kwambiri n'chakuti dzimbiri loopsa si lija loonekera poyera. Limabisala pamene zitsulo ziwiri zakumana, kunsi kwa washala, kapena m'kati mwa thabwa momwe bawuti yadutsa. Mutu wa bawuti ukhoza kuwala ndi penti watsopano, koma mukaizula n'kupeza kuti pakati yadyeka, yatsala ngati pensulo. Mchenga nawo umalowa mu girizi n'kumupanga ngati sandipepa wodya mabering'i.

Ndiye kupima kwake kumachitika motere. Pa matabwa, mmisiri amayenda ndi hamala yaing'ono ndi sikuludalaiva. Thabwa lamoyo likamenyedwa limalira kuti ngwe, lovunda m'kati limangoti phu. Akakayikira amabaya ndi sikuludalaiva pafupi ndi bawuti, ndipo ikalowa ngati mu mbatata yophika, thabwalo lichoke. Pa zitsulo zonyamula mawilo, maso okha sakwanira, chifukwa mng'alu woyamba umachepa kuposa tsitsi. Njira imodzi ndi iyi: timatsuka chitsulocho mpaka chiyere, timachipopera mankhwala ofiira olowerera, timadikira mphindi zingapo, timapukuta bwinobwino, kenako timapopera ufa woyera. Ngati pali mng'alu, mankhwala amene analowamo amatuluka n'kujambula kamzere kofiira pa ufa woyerawo, ngati magazi pa bandeji. Nthawi yoyamba imene ndinaona kamzere kameneka pa chitsulo chomwe ndikanalumbira kuti n'chabwino, ndinasiya kukhulupirira maso anga.

Ku Britain kuli ndondomeko yotchedwa ADIPS, yoti makina a masewera otere azipimidwa chaka chilichonse ndi wopima wodziimira payekha, amene amapereka chikalata chosonyeza kuti makinawo akhoza kunyamula anthu. Pamwamba pa izo, eni ake amayenera kuwayendera m'mawa uliwonse ndi kuyendetsa sitima yopanda anthu geti lisanatsegulidwe. Mapaki ambiri a kugombe amatseka m'nyengo yozizira, ndipo mlendo wodutsa mu Januwale angaganize kuti malowo anafa. Imeneyo ndiyo nthawi imene ntchito yeniyeni imagwiridwa: masitima amaphwasulidwa, matabwa otha amazulidwa n'kuikapo atsopano. Choncho mukamva kuti chinthuchi n'cha 1932, musaganize kuti mwakhalira thabwa lililonse la 1932. Chili ngati khasu la agogo lomwe mpini wake wasinthidwa kambirimbiri koma tonse timalitchabe khasu la agogo. Boma linachiika pa mndandanda wa zomangidwa zotetezedwa mu 2016.

Mukaima pansi n'kuona matabwa akugwedera sitima ikamadutsa, musathawe. Anawapanga kuti azipinda pang'ono n'kubwerera. Chouma gwa ndicho chimathyoka.

Chimene wopima sangachipime ndi khalidwe la wokwera. Pakhomo lililonse pamakhala ndodo yoyezera msinkhu, ndipo ndaonapo makolo akuuza mwana kuti anyanyamphire, ena mpaka kukangana ndi mnyamata wa pageti. Muyezowo si wa zaka kapena wa kulimba mtima. Chitsulo chotsekera pamiyendo chinapangidwira thupi la kukula kwakutikwakuti, ndipo mwana wochepera pamenepo akhoza kupulumukira kunsi kwake. Mnyamata wa pagetiyo akakana, akukuchitirani zabwino. Chimodzimodzinso zikwangwani zochenjeza amayi oyembekezera ndi odwala mtima, msana kapena khosi.

Kenako mafoni. Pa paki ina, yomwe sinditchula, ndinaona foni itapulumuka m'manja mwa mnyamata amene ankadzijambula kutsogolo, n'kukamenya mayi wina wa kumbuyo pamphumi. Magazi anali chuchuchu. Makinawo analibe vuto lililonse, chikalata chawo chinali chatsopano. Foni, makiyi, chipewa, ngakhale wigi yosamangidwa bwino, zisiyeni kwa amene watsala pansi akusunga zikwama.

Musanyozenso tisitima ting'onoting'ono. Mapaki a kugombe, chifukwa cha kuchepa kwa malo, amakonda mtundu wotchedwa wild mouse, wa timabogi toyenda patokhapatokha pa njanji yokhota mwadzidzidzi popanda kupendekera m'kati. Liwiro lake n'lochepa, koma pakona kabogi kamaoneka ngati kapitirira njanji, kenako kamakuponyerani m'mbali, nthiti n'kugunda chitsulo. Ambiri amene amatsika akusisita m'chiuno amachokera pa timeneti, osati pa chachikulu chija. Kwa ana aang'ono kwenikweni, mumsewu womwewo wa kugombe muli paki ina yaing'ono, Joyland, yomwe inatsegulidwa mu 1949, ndipo ili ndi tisitima tooneka ngati nkhono tomwe agogo ambiri a m'deralo anakwerapo ali ana.

Mwana wa mlongo wanga anakwera ndithu, atandilumbiritsa kuti tikhala pafupi ndi wamabuleki kuti azimuona. Pa chitunda choyamba anatseka maso, ndipo sanaone nyanja yonse ili tantha kumanja ndi mchenga wofika kutali. Potsika anandifinya mkono mpaka zikhadabo kusiya zizindikiro. Titaima, patatha mphindi zitatu, anapukuta misozi ya mphepo n'kuyang'ana bambo uja akutsika pakampando kake.

"Amalume, ndiye kuti iwo aja amakwera tsiku lonse osalipira?"

Ndinati eya, ndipo iwowo ndi amene amalipidwa. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati tingabwerere pamzere, koma ulendo uno tikakhale kumbuyo kwenikweni.