Mmene IPv4 ndi IPv6 zinakhalira zoyendera limodzi

Pa 1 Januwale 1983, ARPANET, netiweki yomwe inabala intaneti, inasiya NCP, malamulo akale olumikizira makompyuta, n'kuyamba atsopano a TCP/IP pa tsiku loikika. Zinatheka chifukwa makompyuta anali mazana ochepa chabe. Mwayi wotero sunabwerenso.

Adiresi ya IPv4, njira ya TCP/IP yoperekera maadiresi kwa makina, ili ndi mabiti 32, choncho maadiresi onse ndi pafupifupi 4.3 biliyoni. Akatswiri a IETF, bungwe lokonza miyezo ya intaneti, ataona kuti adzatha, anatulutsa IPv6 ya mabiti 128 mu 1995. Vuto linabadwira pomwepo: makina odziwa IPv4 yokha samva paketi (kachidutswa ka deta kotumizidwa pa netiweki) ya IPv6. Akatswiriwo ankayembekeza kuti aliyense aziyendetsa zonse ziwiri, njira yotchedwa dual stack, IPv4 n'kudzazilala maadiresi asanathe. Makampani anazengereza, poti njira yotchedwa NAT inkalola makina ambiri kubisala kuseri kwa adiresi imodzi.

Ofuna IPv6 msanga anayamba kukulunga paketi yake m'kati mwa IPv4. Njira ya 6to4, ya mu 2001, inkagwiritsa ntchito protocol 41 (nambala yosonyeza kuti m'kati mwa paketi ya IPv4 muli IPv6) ndi maadiresi oyamba ndi 2002::/16. Inali yanzeru koma yopanda mwini. Ma relay ambiri, makina olumikiza 6to4 ndi IPv6 yeniyeni, ankayendetsedwa ndi ongodzipereka, ndipo akafa panalibe womudandaulira. Ma firewall, osefa mapaketi pofuna chitetezo, nawo ankataya protocol 41 mwakachetechete. Chopweteka kwambiri chinali kukula kwa paketi: kukulunga kumadya mabayiti 20, ndiye MTU, malire a kukula kwa paketi, ya mabayiti 1500 imatsika kufika 1480. Wina akatsekereza uthenga wa ICMPv6 wonena kuti paketi yakula kwambiri, kulumikizana kumayamba bwinobwino koma tsamba lalikulu limangokakamira. Mankhwala ake ndi kulola uthengawo, ICMPv6 type 2, kudutsa, apo ayi kutsitsa MTU kufika 1280. Mu 2015 IETF inathetsa adiresi ya ma relay ija, 192.88.99.1, ndipo inachita bwino.

Pa 3 Febuluwale 2011, IANA, bungwe logawa maadiresi a intaneti padziko lonse, inagawa maadiresi ake omaliza a IPv4, zinthu n'kutembenuka. Tsopano IPv4 ndiyo inafunika kunyamulidwa. Chaka chomwecho kunabwera NAT64 ndi DNS64, zothandiza makina a IPv6 yokha kufikira IPv4: seva ikakhala ya IPv4 yokha, DNS64 imapanga adiresi ya IPv6 poika ya IPv4 ija kumapeto kwa 64:ff9b::/96, ndipo NAT64 imamasulira mapaketi. Koma mapulogalamu amene analembamo adiresi ya IPv4 mwachindunji safunsa DNS, njira yopezera adiresi pogwiritsa ntchito dzina, choncho ankalephera. Ichi n'chimene 464XLAT inadzakonza mu 2013, poika kachipangizo komasulira, CLAT, m'foni momwemo. T-Mobile ya ku United States inayamba nayo msanga, ndipo mafoni ake ambiri amayenda pa IPv6 yokha, mapulogalamu akale n'kumaonabe IPv4.