Maliro a Kamuzu amene mwana wa zaka zisanu "anaonera pa kanema"

Chaka chilichonse ndikayamba kuphunzitsa za kakulidwe ka maganizo a mwana kwa achinyamata amene akuchita maphunziro a uphunzitsi kuno ku Kasungu, ndimawapempha kuti alembe nkhani yaikulu yoyamba imene amakumbukira kuti anaionera pa wailesi ya kanema ali ana, afotokozenso kumene anali ndi anthu amene anali nawo. Zaka zingapo zapitazo mnyamata wina wobadwa mu 1992 analemba za maliro a Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo analemba mogwira mtima: anakhala pamphasa kwa amalume ake pa boma, kanema wa Greatwall wopanda mitundu atalumikizidwa ku batire la galimoto, asilikali akuguba pang'onopang'ono m'mbali mwa bokosi, agogo ake aakazi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Nditamufunsa kuti malirowo ankaonetsa ndi kanema wa dziko liti, anangoti kukamwa yasa. Kamuzu anamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Johannesburg ndipo anaikidwa m'manda ku Lilongwe pa 3 Disembala, pamene Television Malawi inayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999. Nthawi yonse ya ulamuliro wake dziko lino linalibe wailesi ya kanema, ndipo nkhani zikuluzikulu, monga zotsatira za riferendamu ya nyali ndi tambala wakuda mu Juni 1993, zinkatipeza titazungulira wailesi ya Nzeru, mabatire ake titayamba tawayanika padzuwa kuti akokereko pang'ono. "Madamu, koma ine bokosilo ndikuliona ngakhale panopa," anatero mnyamatayo, ndipo sindinakayike kuti akunena zimene zili mumtima mwake.

Sanali kunama. Munthu wamkulu kawirikawiri sakumbukira chilichonse chimene chinachitika asanakwanitse zaka zitatu kapena zitatu ndi theka, ndipo za zaka zotsatira, mpaka cha m'ma zisanu ndi ziwiri, amatsala ndi tizidutswa chabe. Chifukwa china n'chakuti kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, kamene kamamanga pamodzi malo, nthawi ndi zochitika kuti zikhale chikumbukiro chimodzi, kamakhala kasanakhwime. Chifukwa china ndi chilankhulo: mwana amene sanadziwe kusimba nkhani yokhala ndi chiyambi ndi mathero alibe chosungiramo zimene waona. Mwana wa zaka zisanu sadziwa kuti pulezidenti n'chiyani kapena kuti Johannesburg ili kuti, koma amazindikira msanga kuti agogo amene sanawaonepo akulira lero akulira, kuti nsima yachedwa, ndiponso kuti aliyense akumuuza kuti akhale chete. Zimenezi n'zimene zimakhazikika. Zithunzi za asilikali ndi bokosi zimadzalowa pambuyo pake, mwana ataonera mobwerezabwereza pa masiku okumbukira Kamuzu, n'kukakhala pamalo pamene panali mawu a muulutsi wa pa wailesi.

Akatswiri a za maganizo anayamba kale kufufuza zikumbukiro za tsiku limene munthu anamva nkhani yodzidzimutsa. Mu 1977 Roger Brown ndi James Kulik, atafunsa anthu za kuphedwa kwa Pulezidenti John F. Kennedy wa ku America mu 1963, anaganiza kuti ubongo umajambula nthawi yoteroyo ngati kamera, chithunzicho n'kukhala chosasintha. Maganizo amenewo sanapirire. Chombo cha m'mlengalenga cha ku America chotchedwa Challenger chitaphulika mu Januwale 1986, Ulric Neisser anapempha ophunzira kuti m'mawa mwake alembe mmene anamvera nkhaniyo, ndipo atawafunsanso patapita zaka pafupifupi zitatu, ambiri anasimba zosiyana ndi zimene analemba ndi dzanja lawo, komabe anali otsimikiza kotheratu. Chochititsa chidwi n'chakuti angapo amene poyamba anamva kwa mnzawo anadzanena kuti anaonera pa kanema.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri, chifukwa chimafanana ndi cha mnyamata wanga uja, ndi cha ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands. Pa 4 Okutobala 1992 ndege yonyamula katundu inagwera panyumba zosanja mumzindawo, ndipo palibe amene anajambula kugwa kwakeko. Ofufuza atafunsa anthu patapita miyezi khumi ngati anaona kanema wosonyeza ndegeyo ikuwomba nyumbazo, oposa theka anavomera, ena mpaka kufotokoza mmene inapendekera. Ubongo umasunga bwino chimene chinachitika koma umataya msanga njira imene chinatifikira, ndiye ukafunsidwa umasankha njira yooneka yomveka, ndipo m'badwo umene unakulira pamaso pa kanema umasankha kanema.

Ine sindiona chifukwa chochitira manyazi ndi zimenezi, ngakhale kuti ndimalangiza ophunzira anga kuti asamatsutsane ndi akuluakulu pa madeti podalira kutsimikiza kwa mtima kokha. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ana a lero, amene safunikanso kupita kwa amalume a pa boma kuti akaone tsoka. Ndege imene inanyamula Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu itagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, zithunzi zinazungulira pa mafoni, zina zosayenera kuonedwa ngakhale ndi wamkulu, ndipo ana anazionera ali pamiyendo ya amayi awo. Mwana wosakwana zaka zisanu ndi chimodzi sazindikira bwino kuti chithunzi chobwerezedwa ndi chomwechomwecho, moti akaona matope a namondwe Freddy akukokolola nyumba kasanu, angathe kuganiza kuti zachitika kasanu ndipo zikubwera kwawo usiku womwewo. Amasiyanitsanso movutika Blantyre ndi kuseri kwa phiri la Kasungu. Mwana wotere akayamba kukodza pogona kapena kukana kugona yekha pambuyo pa nkhani yoopsa, kholo lizimitse kanema, limufunse zimene waona, ndipo limuyankhe mwachidule ndi mawu oona, chifukwa nkhope ndi mawu a kholo patsikulo n'zimene adzazinyamule mpaka kukula.

Mnyamata uja atapita kutchuthi anakafunsa mayi ake. Anamuuza kuti tsiku la malirowo banja lonse linali kumudzi, mbewu zili m'munda, ndipo anamvera pa wailesi atakhala pansi pa chigafa cha fodya. Amalume aja anadzagula kanema wawo patapita zaka, njala ya 2002 itadutsa. Za agogo ndi chitenje, mayiwo anati zinalidi choncho, ndipo anakumbukira ngakhale mtundu wa chitenjecho.