Khodi ikatalika, lisunthe ndi bokosi, tsamba likhale chilili

Mtsikana wina amene ndimamuthandiza kuphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ananditumizira uthenga usiku wina, mtima utamupweteka. Anati, "Achimwene, ndakopera ndendende zimene zili pa tsamba lija, koma ikukana." Pachithunzi cha sikirini chimene anatumiza panali mawu aja amene wophunzira Python aliyense amakumana nawo sabata yoyamba, IndentationError. Ndinatsegula tsamba limene anatengako khodiyo. Mwini wake anali munthu wodziwa ntchito, ndipo khodi yake inalibe vuto. Kungoti anaiika pakati pa nkhani ngati ndime wamba. Mizere inaonekadi, koma mipata ya kumayambiriro kwa mzere uliwonse inali itasowa, mizere yonse itandandalikana kumanzere ngati yoyezedwa ndi chingwe.

Mu Python mipata imeneyo si yokongoletsa. Kuyambira pomwe Guido van Rossum anatulutsa chinenerochi mu 1991, mipata ya kumayambiriro ndi imene imauza kompyuta kuti mzere uwu uli mkati mwa uja. Ikachoka, pulogalamu yafa. Mtsikanayu anataya maola awiri akudzikayikira, chonsecho cholakwa chinali pa tsamba.

Ngati muli ndi webusaiti yanuyanu ndipo mumafuna kuonetsapo khodi, dziwani kuti khodi si nkhani yongowerenga. Wowerenga adzaitenga n'kukaiyendetsa pa makina ake. Ntchito yanu ndi yakuti ifike kwa iye mmene munailembera, chilembo ndi chilembo, mpata ndi mpata. Bokosi losuntha limene ndikufotokoza pano linabwera chifukwa cha zimenezo.

Tiyambe ndi chimene chimameza mipata. Brawuza, kaya ndi Chrome, Firefox kapena Safari, ikamawerenga HTML, chinenero cholembera masamba a pa intaneti, imatenga mipata khumi yotsatizana ngati mpata umodzi, ndipo mukadina Enter iyo imaona ngati mwangoika mpata. Pa nkhani wamba zimenezi zimathandiza, chifukwa ndime imadzikonza yokha kuti ikwane pa sikirini iliyonse. Pa khodi zimawononga. Mankhwala ake ndi akale kwambiri: tagi (chizindikiro cha mu HTML chouza brawuza chochita ndi mawu) ya pre, yomwe inalimo kale mu HTML 2.0 ya 1995. Chilichonse chimene mwaika mkati mwa pre, brawuza imachisiya mmene chilili. Mkati mwakemo timaikanso tagi ya code, yodziwitsa brawuza ndi mapulogalamu ena kuti zimenezi ndi khodi:

<pre><code>for dzina in mayina:
    print(dzina)</code></pre>

Onani kuti khodi yayamba pomwepo tagi ya code itangotha, popanda kutsikira mzere wina. Mukatsika, bokosi lanu lidzayamba ndi mzere wopanda kanthu. Ndipo musaiike mkati kuti igwirizane ndi HTML yozungulira, pakuti mipata yowonjezerayo idzaonekeranso kwa wowerenga.

Tagi ya pre imabweretsanso zilembo za mtundu wa monospace, zomwe zonse zimatenga malo ofanana: "i" ndi "m" m'lifupi mwake n'chimodzimodzi. Courier New, Consolas ndi Menlo ndi zitsanzo zake. Ndi chifukwa chake mizere ya khodi imayang'anizana bwino, ndipo maso amaona msanga pamene mpata wachepa.

Pali msampha umodzi umene umagwira ngakhale akale pa ntchitoyi. Tagi ya pre imasunga mipata, koma siletsa brawuza kuwerenga matagi. Mukafuna kuonetsa chitsanzo cha HTML, n'kulemba tagi ya h1 mkati mwa pre, brawuza siionetsa ngati mawu. Iimvera, n'kukupangirani mutu waukulu pakati pa bokosi. Choncho chizindikiro cha < muzichilemba kuti &lt; ndipo cha & muzichilemba kuti &amp; ndiye zidzaoneka bwino. Cha > ambiri timachilemba &gt; kuti zikhale zadongosolo. Izi zimakhudzanso Java, C ndi JavaScript, momwe zizindikiro zimenezi zili mbwee. Yambani ndi & posintha, chifukwa mukamaliza nacho mudzawononga zina zimene mwasintha kale.

Tsopano vuto lenileni. Popeza pre siithyola mzere, mzere wautali umangopitirira kumanja mpaka kutuluka m'malire a tsamba. Pa laputopu mwina simungazindikire. Pa foni tsamba lonse limayamba kugwedera: mukafuna kutsika, likupita kumbali, mawu a nkhani akusowa theka, ndipo nthawi zina brawuza imachepetsa tsamba lonse kuti mzere umodziwo ukwane, zilembo n'kukhala ngati nyerere.

Masamu ake ndi osavuta. Olemba khodi anazolowera mizere yofika zilembo 80, mwambo wochokera ku makhadi oboola a IBM a mu 1928, amene anali ndi mizati 80. Malangizo a kalembedwe ka Python, otchedwa PEP 8, amati mzere usapitirire zilembo 79. Koma sikirini ya mafoni ambiri ndi ya mapikiselo pafupifupi 360 m'lifupi, ndipo ndi zilembo za monospace zooneka bwino mumangokwana zilembo pafupifupi 40. Ndiye kuti ngakhale khodi yolembedwa mwaulemu, theka lake limatuluka kunja. Ndipo kwathu kuno ambiri amene adzatsegule tsamba lanu adzalitsegula pa foni.

Apa ndi pamene CSS, chinenero chokonzera maonekedwe a tsamba, imalowerera. Håkon Wium Lie anapereka ganizo la CSS mu 1994, ndipo lamulo la overflow, limene limanena chochita zinthu zikasefukira m'bokosi, linabwera ndi CSS2 mu 1998. Zimene mukufunika ndi izi:

pre {
  overflow-x: auto;
  padding: 1em;
  background: #f5f5f5;
  tab-size: 4;
}

Mzere wa overflow-x ndi umene ukugwira ntchito yonse. Ukunena kuti khodi ikasefukira cham'mbali, bokosilo lokha lizisuntha, tsamba likhale chilili. Mawu akuti auto ndi ofunika. Mukalemba scroll, pa makompyuta ambiri kachingwe kosunthira kamaoneka ngakhale pa khodi ya mzere umodzi waufupi. Mukalemba hidden, zosefukirazo zimangodulidwa, wowerenga osadziwa n'komwe kuti mzere sunathe. Imeneyi ndiye yoopsa, ndipo ndinaionapo pa masamba a anthu amene ankangofuna kuti tsamba lisiye kugwedera. Tab-size ikuchepetsa m'lifupi mwa Tab, amene brawuza imamupatsa malo a zilembo 8 mukapanda kunena kanthu.

Ena amafunsa kuti, bwanji osangoiuza brawuza kuti izithyola mizere? N'zotheka. Mukalemba white-space: pre-wrap, mipata imasungidwa ndipo mzere wautali umatsikira pansi. Pa uthenga wautali wa cholakwa, kapena zolemba za mu log (momwe pulogalamu imalemba zimene yachita), njirayi ndimaigwiritsa ntchito. Koma pa khodi yoti munthu akaiyendetse, ine ndimakana, ndipo chifukwa changa ndinachiona ndi maso. Amene amakopera ndi mausi sapeza vuto, pakuti mzere wothyoledwa ndi brawuza umakhalabe umodzi ukamatidwa kwina. Koma ophunzira ambiri amene ndimawaona sakopera motero. Foni ndi imene ili ndi bandulo, kompyuta ndi ya ku sukulu kapena ya mnzake, ilibe intaneti. Amatsamiritsa foni pambali pa kibodi, n'kumataipa akuyang'ana. Mzere ukatsika pa foni, chala chimadina Enter chokha. Lamulo limodzi la pa terminal (zenera lolemberamo malamulo a kompyuta) lasanduka awiri, loyamba layenda lili theka. Mzere umodzi wa Python wasanduka iwiri, ndipo wachiwiriwo wayambira pamalo polakwika. Bokosi losuntha limavutitsako chala, koma silinama za pamene mzere wathera.

Nanga kutalika kotsika pansi? Mukhoza kuwonjezera max-height: 30em ndi overflow-y: auto, kuti khodi yaitali isadye tsamba lonse. Apa ndimachenjeza. Pa foni, bokosi losuntha chotsika limagwira chala cha munthu amene amangofuna kudutsa. Akukoka kuti apitirize nkhani, koma chimene chikuyenda ndi khodi, ndipo ngati bokosilo ladzaza sikirini yonse alibe pogwira kuti atulukemo. Khodi ya mizere 20 kapena 30 isiyeni ioneke yonse. Ikafika mizere mazana, funso ndi lakuti kodi wowerenga akufunikadi yonseyo pano? Kawirikawiri ayi. Onetsani chigawo chimene mukufotokoza, fayilo yonse muiike pa GitHub, webusaiti yosungirapo khodi, n'kupereka linki.

Mwina mwalemba zonsezi koma tsamba likugwederabe. Musafulumire kuganiza kuti overflow yakana. Onani ngati bokosi lanu lili mkati mwa chigawo choyalidwa ndi flex kapena grid, njira za CSS zoyalira zigawo za tsamba. Zigawo zotere mwachibadwa zimakana kuchepa kuposa zimene zili mkati mwake, ndiye mzere wautali umakankha chigawo chonse kuti chikule, bokosi osaona chifukwa chosunthira. Ikani min-width: 0 pa chigawocho. Kamzere kamodzi kameneka kanandidyera madzulo athunthu tsiku lina ndisanakadziwe, ndipo mpaka lero ndi koyamba kuyang'ana munthu akandibweretsera vuto lotere.

Bokosi likayamba kusuntha, patsala kuti wowerenga adziwe kuti limasuntha. Mafoni amabisa kachingwe kosunthira mpaka mutakhudza, ndipo makompyuta a Apple anayamba kutero kuyambira pa OS X Lion mu 2011. Mzere ukadukira pakati pa liwu, munthu amazindikira kuti pali zina kutsogolo. Ukadukira pa mpata, amaona ngati watha. Palibe lamulo la CSS lothetsa zimenezi kuposa dzanja lanu: fupikitsani mizere musanaiike pa tsamba. Khodi yophunzitsira isakhale ndi maina aatali opanda chifukwa. Lamulo lalitali la pa terminal ya Linux mukhoza kulithyola nokha poika \ kumapeto kwa mzere, ndipo lidzayendabe ngati limodzi. Ine ndimayesetsa kuti zitsanzo zanga zisapitirire zilembo 60, kuti kusunthako kukhale kochepa.

Musaiwale amene sagwiritsa ntchito mausi, kaya chifukwa cha manja kapena maso. Iwo amayenda pa tsamba ndi batani la Tab, ndipo si brawuza iliyonse imene imawalola kuima pa bokosi losuntha. Mukawonjezera tabindex="0" pa tagi ya pre, amatha kuimapo n'kulisuntha ndi mabatani a mivi.

Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi chithunzi cha khodi. Munthu wajambula sikirini ya edita yake, pulogalamu yolemberamo khodi, mitundu ili waliwali, n'kuika pa tsamba. Chimaoneka bwino, inde. Koma kukopera n'kovuta, pulogalamu yowerengera anthu osaona imavutika kuwerenga khodiyo, ndipo chithunzi chimodzi chimadya bandulo kuposa mizere mazana a mawu enieni. Pa foni, kuti usiyanitse 1 ndi l kapena 0 ndi O pachithunzi chochepetsedwa, umachita kutsinzinira diso limodzi. Chimodzimodzinso kulembera khodi mu Microsoft Word: imasintha zizindikiro zoongoka za " kukhala zopindika, zomwe Python ndi JavaScript sizizidziwa. Khodi ichoke mu edita kupita pa tsamba, isadzere kwina.

Mitundu ija mukhoza kuipeza popanda chithunzi. Highlight.js ndi Prism ndi timapulogalamu ta JavaScript taulele timene timapaka khodi mitundu, ndipo tonse timazindikira mukalemba class="language-python" pa tagi ya code. Potsitsa, sankhani zinenero zokhazo zimene mumalemba, musasenzetse wowerenga mtolo wa zinenero zimene sadzaziona pa tsamba lanu. Ngati webusaiti yanu imamangidwa ndi Hugo kapena Jekyll, mapulogalamu omangira masamba, mitundu imapakidwa pomanga tsambalo, Hugo ndi Chroma, Jekyll ndi Rouge, ndiye foni ya wowerenga siigwira ntchito yowonjezera. Kumeneko mumangolemba khodi mu Markdown (kalembedwe kosavuta kosafuna matagi) pakati pa zizindikiro zitatu za ` pamwamba ndi pansi, matagi a pre ndi code komanso &lt; zija zimadzipanga zokha. Koma overflow-x muionebe, si thimu (maonekedwe okonzedwa kale a webusaiti) iliyonse imene inaiika.

Batani lokopera ndi labwino, makamaka pa foni pomwe kusankha mawu ndi chala m'bokosi losuntha kumatopetsa. Limagwiritsa ntchito navigator.clipboard.writeText, ndipo limafuna kuti tsamba likhale pa HTTPS. Mukaliika, liyeseni: dinani, kenako matani mu Notepad muone chimene chatuluka. Ngati manambala a mizere abwera nawo, kapena chizindikiro cha $ chimene ena amaika kutsogolo kwa malamulo a pa terminal, wowerenga adzamata zinyalala. Manambala a mizere azipangidwa ndi CSS kuti asakopereke, ndipo $ uja ine ndinangosiya kumulemba.

Mukamaliza, musakhutire ndi mmene tsamba likuonekera pa laputopu yanu. Bwerekani foni yotsika mtengo, ya sikirini yaing'ono, mutsegule tsambalo. Kokani bokosi cham'mbali muone ngati nkhani yozungulira yakhala phee. Tembenuzani foni chogona. Kenako tengani khodiyo kuchokera pa tsamba, osati mu edita yanu, muimate mu fayilo yatsopano n'kuiyendetsa.

Mwini tsamba lija ndinamulembera, ndipo anayankha mwaulemu n'kukonza tsiku lomwelo: pre, code, ndi overflow-x: auto, basi. Mtsikana uja anatsegulanso tsambalo pa foni yake, anaitsamiritsa pa kapu ya tiyi, nataipa mizere isanu ndi umodzi ija akuwerenga mipata inayi inayi. Pulogalamu inasindikiza maina a anzake a m'kalasi, limodzi pansi pa linzake.